Kupeza mlangizi pa ntchito ndi kupindula naye: njira yake kwa ophunzira a m'makoleji ndi ongoyamba ntchito mu Lilongwe

Mlangizi amene tikukamba pano ndi munthu amene anadutsa kale njira imene inu mukuyamba, ndipo wavomera kumakhala nanu pansi nthawi ndi nthawi kuti aone ntchito yanu, akuuzeni pamene yaperewera, komanso akuthandizeni kusankha chochita. Udindo wake si kukulembani ntchito kapena kukulipirirani fizi. Ophunzira ambiri a ku Bunda, ku NRC, ku KUHeS, ku Lilongwe Technical College ndi m'makoleji oyima paokha amamufuna munthu wotere, koma nthawi zambiri zinthu zimathera pa kukumana koyamba. Chifukwa chake n'chakuti wachinyamatayo amadikira kuti wamkulu ndiye aziyendetsa zonse. Sizimayenda choncho. Wofuna kulangizidwa ndiye amapempha nthawi, amabwera ndi funso, amalemba zimene agwirizana, n'kubweranso ndi zotsatira.

Kufunika kwake kwakula chifukwa msika wa ntchito mumzinda muno wasintha mofulumira. Kwa zaka zambiri omaliza digiri ankaloza malo atatu: ku Capital Hill, ku mabanki ndi makampani, kapena ku mabungwe omwe si aboma. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri lodzera ku USAID, ndipo mapulojekiti ambiri a zaumoyo ndi ulimi anatsekedwa kapena kuchepetsa antchito. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero malipiro amene ankaoneka abwino asanduka ongofikira pakati pa mwezi. Ntchito zimene kale ankapatsa wongoyamba kumene, monga kulemba chidule cha lipoti kapena kukonza kalata, tsopano bwana amatha kuzichita yekha ndi ChatGPT. Zinthu ngati zimenezi simungazipeze m'manotsi a m'kalasi. Amazidziwa ndi amene ali m'kati mwa ntchitoyo.

Gawo loyamba: lembani chosowa chanu m'chiganizo chimodzi

Musanayambe kufuna munthu, tengani pepala mulembe chimene mukufuna chitasintha m'miyezi 6 ikubwerayi. "Ndikufuna kuchita bwino m'moyo" si chosowa, ndipo palibe angakuthandizeni nacho. Chosowa chogwirika chimamveka chonchi: "Ndatumiza makalata ambiri ofunsira ntchito koma sindinaitanidwepo ku intavyu, ndikufuna kudziwa pamene pakulakwika." Kapena: "Ndamaliza za ulimi wamthirira ndipo sindikudziwa ngati ndipite ku masters kapena ndiyambe ndagwira ntchito." Kapenanso: "Ndili ndi satifiketi ya TEVET ya kuwotcherera, ndikufuna kutsegula malo anga ku Mchesi, koma sindidziwa kuwerengera mtengo wa geti kuti ndisagwe nayo." Chiganizo chimenechi ndicho chimakuuzani mtundu wa munthu woyenera. Wa makalata aja akufunika munthu amene amakhala nawo pa gulu losankha oitanidwa ku intavyu. Wa geti uja sakufunika pulofesa, akufunika mmisiri amene wakhala ndi shopu yake zaka zingapo ndipo idakalipo.

Gawo lachiwiri: lembani mayina asanu, muwafufuze

Mulembe anthu asanu, osati mmodzi, chifukwa ena sadzayankha ndipo ena adzakana. Ambiri amathamangira mayina aakulu, mabwana amene amaoneka m'nyuzipepala. Ife tikuti yambani ndi amene ali patsogolo panu ndi zaka 5 mpaka 10 pa ntchito. Wotereyu akukumbukirabe mafunso a intavyu yake, akudziwa malipiro enieni a wongoyamba lero, ndipo nthawi ali nayo pang'ono. Bwana wamkulu analowa ntchito pamene makalata ankatumizidwa pa positi ndipo digiri inali yosowa. Nzeru zake ndi zakuya pa za khalidwe ndi kayendetsedwe ka anthu, koma pa khomo lolowera lero angakusocheretseni asakudziwa.

Anthuwa amapezeka pafupi kuposa mmene mukuganizira. Mphunzitsi amene akuyang'anira kafukufuku wanu wa chaka chomaliza ali ndi manambala a ophunzira ake akale, ndipo pempho lochokera kwa iye silikanidwa msanga. Amene anakuyang'anirani pa atachimenti anaona kale kagwiridwe kanu ka ntchito, ndiye simuyambira pansi. Chimodzimodzi kwa amene muli pa pulogalamu ya boma ya internship, imene inayamba mu 2018 pansi pa Unduna wa Zantchito: mu ofesi imene akutumizani mumakhala wina amene amagwiradi ntchito, ndipo sabata ziwiri zimakwanira kumuzindikira. Mabungwe a akatswiri nawo ndi khomo lina. Owerengera ndalama ali ndi ICAM, mainjiniya ali ndi Malawi Engineering Institution, a makompyuta ali ndi ICTAM, a zachuma ali ndi ECAMA. Misonkhano yawo yaikulu ya pachaka kawirikawiri imachitikira kunyanja ndipo wophunzira sangaikwanitse, koma zokambirana zing'onozing'ono zimachitika mumzinda momwe muno ndi pa intaneti. Kwa a bizinesi ndi luso lamakono kuli mHub, imene anayambitsa Rachel Sibande. Ndipo musaiwale kutchalitchi kapena kumzikiti: pamene mumakhala popemphera sabata iliyonse pangakhale namwino wamkulu kapena loya amene simunamufunsepo kanthu.

Anthu awiri muwaike pambali. Bwana wanu wa panopa angakuphunzitseni zambiri, koma simungamuuze kuti mukuganiza zosiya ntchito kapena kuti vuto lanu ndi iyeyo. Wachibale, monga amalume, amakukondani koma zimene mungamuuze zimakafika kwa makolo, ndipo n'kovuta kukana malangizo ake popanda kuoneka wamwano.

Musanalembere aliyense, funsani anthu awiri amene anagwirapo ntchito pansi pake. Amasunga nthawi? Amasunga chinsinsi? Achinyamata amene anadutsa m'manja mwake ali kuti lero? Atsikana afunse akazi anzawo mosabisa ngati bamboyo ndi wolongosoka. Mu Lilongwe mbiri ya munthu wotere imadziwika, chimene chimasowa ndi wofunsa.

Gawo lachitatu: uthenga woyamba

Musalembe kuti "khalani mlangizi wanga". Mawu amenewa amaopsa munthu wotanganidwa chifukwa sakudziwa kuti akulonjeza chiyani ndipo mpaka liti. Pemphani kanthu kakang'ono kokhala ndi malire: mphindi 20, funso limodzi. Musatumizenso "Moni" yekha n'kumadikira kuti ayankhe, ndipo musayambe ndi voice note kapena kuimba foni usiku. Uthenga ukhale umodzi, wathunthu, wonena kuti ndinu ndani, nambala mwaitenga kuti, n'chifukwa chiyani mwasankha iyeyo, ndipo mukupempha chiyani. Mwachitsanzo:

"Mwaswera bwanji Mayi Uje. Ndine Wakuti, wa chaka chachinayi ku Bunda, ndikuphunzira za agribusiness. Nambala yanu andipatsa ndi aphunzitsi anga Bambo Uje, ndipo anati ndikhoza kukulemberani. Ndinamvera zimene munalankhula pa wailesi zokhudza kugula soya kwa alimi a m'makalabu. Ndikumaliza chaka chino ndipo ndikusinkhasinkha ngati ndiyambe bizinesi yogula mbewu kapena ndiyambe ndafunsira ntchito. Ndingathokoze mutandipatsa mphindi 20, ku ofesi kwanu kapena pa foni, tsiku limene lingakukomereni m'sabata ziwiri zikubwerazi. Ngati nthawi ikuvuta ndimvetsa. Zikomo kwambiri."

Pa imelo ndi LinkedIn lembani m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale zomwezi. CV musaiphatikize pa uthenga woyamba, chifukwa ikangooneka munthu amaganiza kuti mukufuna ntchito, ndipo amakhala chete poopa kukukhumudwitsani. Muonenso nyengo. Wowerengera ndalama sapuma kumapeto kwa mwezi. Wa m'boma amapanikizika cha mu Malichi, pamene chaka cha ndalama cha boma chikutha. Wa zaulimi amasowa nthawi ya zipangizo mvula isanagwe, komanso msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo. Pakatha masiku 7 osayankhidwa, kumbutsani kamodzi mwaulemu. Akapanda kuyankhanso, pitani pa dzina lachiwiri, osakwiya ndipo osamunena kwa anzanu, poti mzinda uno ndi waung'ono ndipo mudzakumana naye pa gulu la intavyu tsiku lina.

Gawo lachinayi: kukumana koyamba

Malo akhale ku ofesi kwake nthawi ya ntchito kapena poyera pamene pali anthu, monga malo omwera tiyi ku City Centre, ku Crossroads kapena ku Gateway. Kunyumba, kubala ndi kuloji ayi, ngakhale atanena kuti ndi kumene kuli phee. Nyamukani msanga. Wochokera ku Bunda, ku Area 25 kapena ku Likuni akudziwa kuti minibasi imanyamuka ikadzaza, ndiye ikani ola lathunthu lapadera, mufike mphindi 10 nthawi isanakwane. Mukhale ndi ndalama ya thiransipoti yobwerera komanso ya chakumwa chanu. Akakulipirirani thokozani, koma musadalire zimenezo. Ngati ndi pa foni kapena pa Zoom, gulani bandulo yokwanira, tchajani foni magetsi asanazime, ndipo mukhale pamene netiweki imagwira. Intaneti ikavuta, imbani foni wamba ndi mayunitsi anu, osati kuflasha.

Tengani kope ndi cholembera. Kulemba pa foni kumaoneka ngati mukucheza ndi ena. Dzifotokozeni m'mphindi ziwiri, kenako funsani mafunso atatu amene mwakonza. Mafunso amene yankho lake lili pa Google amatayitsa nthawi. Othandiza ndi ngati awa: "Pa achinyamata amene mwawalemba ntchito posachedwa, chimene chinawasiyanitsa ndi anzawo n'chiyani?" "Ndi luso liti limene ongochoka ku koleji amabwera alibe, limene mumataya nalo nthawi kuwaphunzitsa?" "Mukanakhala pamene ndili ine, mukanachita chiyani m'miyezi itatu ikubwerayi?" Mphindi 20 zikakwana, nenani nokha kuti nthawi imene munapempha yatha. Akafuna apitiriza yekha. Tsiku lomwelo kapena mawa lake tumizani uthenga wothokoza, wotchula chinthu chimodzi chimene mukachite ndi tsiku limene mudzamudziwitse zotsatira.

Ndiyeno kachiteni chinthucho. Apa m'pamene ambiri amagwera. Munthu wamkulu amasankha wothera naye nthawi poona ngati malangizo oyamba anagwiritsidwa ntchito. Mukabwera patatha sabata zitatu n'kunena kuti "ndinakaonana ndi alimi aja munanena, ndapeza zakuti", mwatsegula nokha khomo la kukumana kwachiwiri.

Gawo lachisanu: gwirizanani malire

Mukakumana kawiri kapena katatu ndipo zikuyenda, m'pamene mungapemphe kuti muzikumana mokhazikika. Tchulani malire inuyo: kamodzi pa mwezi, mphindi 45 mpaka 60, kwa miyezi 6. Sankhani tsiku losasintha, monga Lachinayi loyamba la mwezi, chifukwa "tidzauzana" ndi amene amapha mgwirizano wotere. Mugwirizanenso njira yolumikizirana pakati pa mwezi ndi maola ake, zimene zili zachinsinsi mbali zonse ziwiri, ndi zimene simudzapemphana, makamaka ndalama. Zonsezi zilembeni mu uthenga umodzi wa WhatsApp kapena imelo, iye angoyankha kuti wavomera. Sizifuna siginecha.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kukumana kwa mwezi ndi mwezi

Kutatsala masiku awiri, tumizani zinthu zitatu: zimene mwachita pa zomwe munagwirizana, funso lalikulu la mwezi uno, ndi ntchito imene mukufuna aione. Pokumana, mphindi 10 zoyamba zikhale za lipoti lanu, kuphatikizapo zimene mwalephera ndi chifukwa chake. Mphindi 30 zikhale za funso lalikulu. Zotsalazo mugwirizane zochita ziwiri kapena zitatu, chilichonse ndi tsiku lake, ndipo mutsimikize tsiku lokumananso musanaimirire.

Chimene chimasiyanitsa ulangizi ndi macheza ndi ntchito yogwirika imene mwaika patebulo. Bweretsani CV, kalata yofunsira ntchito, lipoti limene bwana anabweza, bajeti ya bizinesi, pulogalamu ya pa kompyuta imene mwalemba, kapena chithunzi cha mpando umene mwakhoma. Tengani CV mwachitsanzo. Ambiri amabwera ndi masamba asanu, tsamba loyamba lodzaza ndi mudzi, mfumu yaikulu, boma lochokera, chipembedzo ndi zakuti sali pabanja. Mlangizi wabwino adzadula zonsezo ndi cholembera, n'kusiya masamba awiri. Kenako adzaima pa mzere wonena kuti "ndinathandiza kutolera deta" n'kufunsa kuti deta yanji, kuti, kwa anthu angati, ndi chida chanji. Mukayankha, mzerewo umasanduka "ndinafunsa mabanja 120 ku Mitundu pogwiritsa ntchito KoboToolbox, n'kukonza zotsatira mu Excel". Ntchito ndi yomweyo, koma wosankha anthu tsopano akuona chimene manja anu angachite. Adzakufunsaninso ngati anthu atatu amene mwawalemba kuti akuchitireni umboni akudziwa kuti mwawalemba, ndipo ngati manambala awo akugwirabe. Nthawi zambiri yankho limakhala ayi.

Mwezi wina muyeserere intavyu. Mupatseni chilengezo cha ntchito imene mwafunsira, iye akhale wofunsa kwa mphindi 20, inu muyankhe m'Chingerezi monga mmene zidzakhalire, ndipo mujambule mawu pa foni kuti mukadzimvere nokha. Mudzamva pamene mumazungulira, pamene mawu amatsika, ndi pamene munayankha funso limene sanafunse.

Mukapatsidwa kontirakiti, musasaine musanamuonetse, ngati nthawi ilipo. Muone limodzi kusiyana kwa malipiro olembedwa ndi amene adzalowe ku akaunti msonkho wa PAYE ukachotsedwa. Muone za penshoni: lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Muone kutalika kwa probation, nthawi yoyesedwa musanakhazikitsidwe pa ntchito, imene lamulo la ntchito la 2000 silikulola kuti ipitirire miyezi 12. Amene munatenga ngongole ya sukulu ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira muwerengerenso kubweza kwake. Kwa ofuna kukhala akatswiri ovomerezeka, funsani msanga za zaka zoyang'aniridwa. Wa ACCA, maphunziro a ukatswiri wowerengera ndalama, mwachitsanzo, amafunika miyezi 36 ya ntchito yotsimikiziridwa ndi womuyang'anira, ndipo ena amazindikira mochedwa kuti zaka zimene agwira palibe anazisainira.

Za maphunziro akunja ndi mipikisano ya bizinesi zimafuna kuyamba miyezi ingapo nthawi isanakwane. Chevening, thandizo la boma la Britain lokaphunzirira masters kumeneko, imatsegulidwa cha mu Ogasiti, imafuna zaka ziwiri za ntchito, ndipo nkhani zimene mumalemba za utsogoleri wanu zimafunika kuwerengedwa ndi wina kawiri kapena katatu. Pulogalamu ya Tony Elumelu Foundation, yothandiza oyamba bizinesi, imatsegulidwa pa 1 Januwale, ndipo osankhidwa amalandira maphunziro, mlangizi ndi mpamba wa $5,000. Kutumizira mlangizi zolemba zanu usiku woti mawa akutseka ndi kumuvutitsa chabe.

Akakudzudzulani, lembani, funsani chitsanzo, ndipo musayambe kudziteteza. Komanso musangoti "chabwino bwana" pa zimene simunamve. Ulemu wathu umatiphunzitsa kusabweza mawu kwa wamkulu, koma pano kungovomera kumawononga nthawi ya nonse awiri. Pali njira yofunsira mwaulemu: "Pepani, pamenepo sindinamvetse, mungandipatse chitsanzo?" kapena "Ndinayesa mmene munanenera koma zinakanika apa, mwina ndinalakwitsa pati?"

Gawo lachisanu ndi chiwiri: sefani malangizo

Mlangizi amalankhula kuchokera pa njira imene iye anayenda. Wina adzakuuzani kuti ntchito yeniyeni ndi ya m'boma chifukwa ya penshoni. Wina adzati siyani zonse muyambe bizinesi. Onse akunena zoona za moyo wawo. Pa chisankho chachikulu, monga kusiya ntchito, kutenga ngongole kapena kulipira sukulu ina, funsani anthu awiri kapena atatu osadziwana, ndipo mfundo zimene zingatsimikizidwe muzitsimikize nokha. Akakuuzani kuti koleji yakuti ndi yabwino, kaoneni ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji, musanalipire. Akakuuzani kuti bizinesi yakuti ili ndi phindu, pitani mukafunse mitengo ya lero ku msika wa Lilongwe kapena kwa Mgona, chifukwa mitengo imene iye akukumbukira ingakhale ya kwacha isanagwe.

N'chifukwa chake mlangizi mmodzi sakwanira. Khalani ndi wamkulu wa za khalidwe ndi ndale za mu ofesi, wina wapafupi ndi msinkhu wanu wa za luso la lero, ndi kagulu ka anzanu atatu kapena anayi kokumana sabata ziwiri zilizonse kuwerengerana makalata ndi kuuzana za mwayi umene watuluka. Kagulu kakaposa anthu asanu kamasanduka gulu la WhatsApp lotumizirana nthabwala. AI, monga ChatGPT, nayo ili ndi malo ake: igwiritseni ntchito pokonzekera mafunso, poyeserera intavyu, kapena pokonza Chingerezi. Koma kalata yolembedwa yonse ndi makina imadziwika, chifukwa wosankha amalandira makumi ofanana mawu, ndipo makinawo sadziwa kuti ofesi yakuti imachedwetsa malipiro kapena kuti bwana wakuti amakuza anthu ake.

Inunso muli ndi chopereka. Akuluakulu ambiri amavutika ndi Google Forms, Canva, kukonza tsamba la LinkedIn kapena kuyendetsa msonkhano wa pa Zoom. Kuthandiza pa zoterezi kwa mphindi zochepa ndi njira yabwino yothokozera kuposa mphatso.

Zimene zimasokoneza, ndi chochita

Choyamba ndi kuyembekezera ntchito. Miyezi itatu ikadutsa popanda "ndakupezera malo", ena amazilala n'kusiya kuyankha. Mlangizi amaika dzina lake pachiswe akakutchulani kwa mnzake, ndiye amayamba waona ngati mumasunga nthawi ndi mawu. Chimene mungapemphe ndi kukulumikizani ndi munthu wakuti pa funso lakuti, osati kukulowetsani pakhomo lakuseri.

Chachiwiri ndi ndalama. Mukangopempha ya thiransipoti, ya lendi kapena ya fizi, ubale umasintha, ndipo uthenga wanu wotsatira amautsegula ndi mantha. Mbali inayo ndi yoopsa kwambiri: aliyense wonena kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa ntchito ndi wakuba, ngakhale atatchula unduna kapena bungwe lodziwika. Ngati alidi wa mu ofesi ya boma, chimene akupemphacho ndi ziphuphu, nkhani ya bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, ndipo wopereka nayenso amapalamula. Pali alangizi ena amene amalipiritsa poyera monga bizinesi yawo. Zimenezo si kuba, koma mtengo, nthawi ndi zimene mudzapeze zidziwike musanayambe, ndipo asakulonjezeni ntchito.

Chachitatu chimagwera kwambiri atsikana, ngakhale anyamata nawo sichiwasiya. Zizindikiro zake zimayamba pang'onopang'ono: nthawi yokumana isunthira madzulo, malo asintha kukhala kumene kuli mowa, mauthenga ayamba kubwera usiku onena za maonekedwe anu, "mwanangu" asanduka "bebi", kenako ulendo wa kunyanja umene akuti kuli anthu ofunika kuwadziwa. Musadikire kuti zifike poipa. Yankhani kamodzi molemba kuti mumakumana masana, poyera, pa za ntchito zokha. Zikapitirira, siyani, ndipo sungani mauthengawo osafufuta. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo limalamula malo a ntchito kukhala ndi ndondomeko yolandirira madandaulo. Mungakanene kwa woyang'anira ophunzira pa koleji, ku ofesi yoona za antchito, ku Malawi Human Rights Commission, kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Nthawi zonse wina wapafupi azidziwa kumene mwapita ndi amene mukukumana naye.

Palinso mlangizi amene amakusandutsani wantchito waulere: kumulembera malipoti a ganyu yake, kumutolera deta ya sukulu yake, kumutengera ana kusukulu. Ntchito imene mukuphunzirapo kanthu, yokhala ndi malire ndipo dzina lanu likutchulidwa, ndi mwayi. Ikakhala yoti iye akulandira ndalama, kambiranani za gawo lanu musanayambe. Wina amakukokerani m'magulu a mu ofesi kapena a chipani, kufuna muzimuuza zimene anzanu akunena. Kanani mwaulemu, chifukwa iye akadzasamutsidwa inu mudzatsala ndi adani ake.

Mlangizi akangoti zii, kawirikawiri ndi kutanganidwa, si chidani. Tumizani lipoti lalifupi la mwezi ngakhale asanayankhe. Miyezi iwiri ikadutsa chonchobe, muthokozeni pa zimene anakuthandizani ndipo mupitirize ndi wina.

Kwa inu amene mwapemphedwa kulangiza

Musatenge anthu oposa awiri kapena atatu pa nthawi imodzi. Kukana poyera n'kwabwino kuposa kuvomera kenako n'kumasowa, ndipo pokana mungatchule mnzanu amene angathandize. Pokumana, lankhulani pang'ono kuposa wachinyamatayo. Mbiri ya mmene munavutikira pa nthawi yanu ikhale ya mphindi zisanu, osati ola. Funsani kuti "waganiza zotani iweyo?" musanapereke yankho lanu, chifukwa ambiri anazolowera kulandira manotsi ndipo sadzatsutsa chimene mwanena ngakhale chisakugwirizana ndi moyo wawo. Podzudzula lozani pa pepala: "ndime iyi sikunena chimene unapeza" imathandiza, pamene "lipotili silili bwino" imangofooketsa. Musamulembere kalata kapena pulopozo, muloleni alembe katatu. Muzikumbukira kuti wina akuchokera ku Chinsapo kapena ku Area 23 ndi ndalama yongokwanira ulendo umodzi, ndiye kusintha tsiku iye atafika kale pa geti ndi kumulanda chakudya cha tsiku limenelo. Mukaona kuti vuto lake ndi la maganizo, monga kusagona, kumwa kwambiri kapena kulankhula zodzipha, musayese kulithetsa nokha. Muperekezeni kwa aphungu a pa koleji kapena kuchipatala.

Kutseka miyezi isanu ndi umodzi

Pa kukumana komaliza tulutsani chiganizo chija munalemba poyamba, muwerenge limodzi, muone chimene chasintha ndi chimene chatsala. Pali njira zitatu: kuwonjezera miyezi ina 6 ndi chosowa chatsopano, kuchepetsa kukhala kukumana kamodzi pa miyezi itatu, kapena kutsekera pomwepo. Ngati chosowa chanu chasintha, mwachitsanzo mwachoka pa kufuna ntchito n'kuyamba bizinesi, mufunseni kuti akulozereni munthu wina woyenera gawo limenelo. Apa m'pamenenso mungapemphe kuti akhale wokuchitirani umboni pa CV. Akavomera, muzimudziwitsa nthawi iliyonse imene mwapereka dzina lake, mumutumizire chilengezo cha ntchitoyo ndi CV imene mwatumiza, kuti foni ikalira kuchokera kwa olemba ntchito asayambe ndi kufunsa kuti akunena ndani.